Mmene mungalembere nkhani ya wakupha amene mzukwa sukumusiya

Nkhani zambiri za wakupha ndi mzukwa zimafooka pa chifukwa chimodzi: wolemba amakhala kuti walemba nkhani ziwiri zosadziwana. Kwina kuli munthu wankhanza akuchita nkhanza zake, kwina kuli chinthu choyera chikuyendayenda m'nyumba usiku, ndipo mutachotsa chimodzi, chinacho chikhoza kupitirira bwinobwino. Nkhani yotere imadzidzimutsa kamodzi kapena kawiri, kenako imaiwalika. Imene imakhalitsa m'mutu mwa wowerenga ndi ija imene mzukwa wamera kuchokera m'maganizo a wakuphayo. Iye akusimba nkhani yake mochenjera, akulumpha malo amene sakufuna kupondapo, ndipo mzukwa ukubwera kudzaima pamalo olumphidwawo. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi, ndipo ndawasanja motsata mmene ntchitoyo iyenera kuyendera.

Kuti tisamangolankhula m'malere, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi. Mwamuna wa zaka za m'ma 40 wakhala akusamalira mkulu wake wodwala mphumu m'nyumba imene makolo awo anasiya. Usiku wina mphumu itamugwira mkuluyo, mng'onoyo anatenga mankhwala ake opopera mkamwa n'kuwaika m'thumba, anatseka zenera ndi chitseko, nakhala kunja kwa chipinda mpaka kutachita zii.

Gawo loyamba: lembani wophedwayo ali moyo

Musanayambe nkhani yeniyeni, tengani pepala lapadera mulembe masamba awiri kapena atatu onena za munthu amene adzafeyo, pa tsiku wamba limene palibe choopsa chilichonse chikuchitika. Masamba amenewa mwina sadzalowa m'buku. Ntchito yake ndi kukupatsani zomangira mzukwa, chifukwa mzukwa umene sunakhalepo munthu sungamugwire mtima wowerenga. Lembani mmene amatsokomolera, mbali imene amagonera, mawu amene amabwereza mpaka kutopetsa anzake, zimene manja ake amachita akakwiya. Mkulu wa m'chitsanzo chathu sagona zenera lili chitsekere. Amalitsegula mpata wokwana chikhatho, osaposa apo, ndipo amauyeza ndi chikhatho chake chomwe. Akafuna mng'ono wake samuitana dzina, amagogoda khoma kawiri ndi mphete ya pachala.

Musamupange mngelo. Mkuluyu akhale munthu amene sakhala sabata osakumbutsa mng'ono wake kuti ndi iye anamulipirira sukulu. Koma mumupatsenso chabwino chimodzi chimene wakuphayo sangathe kuchifufuta ngakhale atayesa bwanji, mwina tsiku limene anamubereka kumsana ulendo wautali ali mwana atathyoka mwendo. Chabwino chimenecho mudzachifuna kutsogolo.

Ndimalimbikitsa kuti awiriwa akhale odziwana kwambiri, ndipo moyo weniweni ukugwirizana nazo. Lipoti la United Nations la 2024 linasonyeza kuti mwa amayi ndi atsikana pafupifupi 85,000 amene anaphedwa mwadala padziko lonse mu 2023, pafupifupi 60 mwa 100 alionse anaphedwa ndi amene anali nawo pabanja, pachibwenzi, kapena ndi achibale awo. Wopha mayi kapena mtsikana nthawi zambiri amakhala munthu wodziwa pamene makiyi amakhala. Kwa wolemba, kudziwana kumeneku ndiye chuma, chifukwa mlendo amene mwamupha pamsewu alibe zokukumbutsani, pamene m'bale wanu amadziwa chipinda chilichonse cha moyo wanu.

Gawo lachiwiri: pezani mmene wakuphayo amadzikhululukira

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi yambiri. Funso loti anapheranji ndi laling'ono. Lalikulu ndi lakuti amadziuza chiyani m'mawa uliwonse kuti athe kusamba, kuvala ndi kupereka moni kwa anthu. Ndi anthu ochepa zedi amene amadziona ngati oipa. Ambiri amakhala ndi nkhani yokonzedwa bwino imene imawasiya ali osalakwa, kapena olakwa pang'ono chabe.

Mu 1957 akatswiri awiri a ku America ofufuza za chikhalidwe cha anthu, Gresham Sykes ndi David Matza, analemba za njira zisanu zimene achinyamata ophwanya malamulo amagonetsera nazo chikumbumtima chawo. Ngakhale iwo sankalembera olemba nkhani, njirazi ndi zothandiza kwambiri pomanga mpangankhani wanu. Munthu amakana udindo, akuti si ine, zinthu zinangondikankha. Amakana kuti pali amene wavulala kwenikweni. Amakana kuti wochitiridwayo ndi wosalakwa, akuti anazifuna yekha. Amatembenukira omudzudzula, akuti inu ndinu ndani, si nonse mumachita zomwezi? Ndipo amaloza china chachikulu chimene akuti ankachitumikira, kaya banja, kaya anzake.

Ikani mng'ono uja pa njira zimenezi muone mmene akuyankhulira. Sindinawakhudze ndi dzanja langa, inawapha ndi mphumu. Achimwene anali atatopa kale ndi moyo, ndani angafune kupuma movutika chotero zaka zina khumi? Iwo omwe ndi amene ankakana kupita kuchipatala. Achibale amene akundiyang'ana ndi diso loipa lero anali kuti zaka zonse zimene ndinkachapa zofunda ndekha? Ndipo ana anga akanakulira kuti nyumbayi ikanagulitsidwa? Simuyenera kugwiritsa ntchito zonse zisanu mofanana. Sankhani imodzi ikhale msana wake, zinazo azithawirako pamene yoyambayo yayamba kugwedera. Kwa mng'onoyu msana ndi woyamba uja: sindinachite kanthu, ndinangokhala. Nkhani yonse idzakhala kulimbana ndi chiganizo chimenechi.

Kenako lembani masitepe amene anamufikitsa pa usikuwo, chifukwa munthu wamba sadzuka n'kupha. Tsiku lina anamva kugogoda kuja, anachedwa mphindi imodzi asanadzuke, ndipo anapeza kuti mphindi imeneyo inamukomera. Mwezi wotsatira anachedwa mphindi zisanu. Tsiku lina anasuntha mankhwala aja kuwachotsa pamutu pa bedi kuwaika pashelefu yakutali, akudziuza kuti akukonza m'chipinda. Sitepe iliyonse ikhale yaing'ono moti wowerenga wotopa ndi kudwazika akhoza kuimvetsa. Mantha a nkhani yotereyi amachokera pamenepa: wowerenga amayenda naye masitepe anayi akugwedeza mutu movomera, kenako amazindikira kumene akupita atalowa kale.

Pali njira ziwiri zachidule zimene ndikukupemphani muzipewe. Yoyamba ndi kungoti munthuyo ndi wamisala. Izi zimapha nkhani chifukwa wowerenga amakhazika mtima pansi n'kunena kuti ine sindili choncho, komanso zimanamizira anthu odwala matenda a maganizo, amene ambiri mwa iwo sachita chiwawa chilichonse. Yachiwiri ndi kupereka chochitika chimodzi cha paubwana ngati kiyi wotsegula zonse. Anthu ambiri anazunzidwa ali ana koma sanaphe munthu. Ubwana wake ukhalemo, koma usamuchotsere kusankha kumene anasankha ali wamkulu.

Gawo lachitatu: sankhani wosimba ndi womvera

Mukhoza kulemba ngati wina woonera pambali amene akudziwa za mumtima mwa wakuphayo, koma nkhani zamtunduwu zimaluma kwambiri wakuphayo akamasimba yekha. Edgar Allan Poe anaonetsa mphamvu ya njirayi mu 1843 m'nkhani yake yaifupi ya The Tell-Tale Heart, mmene wakupha amalimbikira kutsimikizira womvera kuti mutu wake uli bwino, ndipo kulimbikira komweko ndi kumene kumamuulula. Musatengere nkhani yake, tengani phunziro lakuti wosimba wofuna kukhulupiriridwa amaulula zambiri kuposa wosimba wodzitama ndi zoipa zake.

Dzifunseni mafunso awiri: akuuza ndani, ndipo chifukwa chiyani akusimba lero osati chaka chatha? Munthu wolembera kalata mlongo wake amasankha mawu mosiyana ndi amene akuyankha wapolisi kapena amene akulemba m'kope usiku tulo titamuthawa. Womverayo akadziwika, mudzadziwanso zimene wosimba akubisa.

Tsono mvetserani mmene munthu wobisa mlandu amayankhulira. Pa zinthu zopanda ntchito amakhala watsatanetsatane kwambiri, pa chinthu chenicheni amadutsa mothamanga, ndipo pamene dzanja lake linagwira ntchito, iye mwini amasowa m'chiganizo. Onani ndime iyi:

"Achimwene anali munthu wovuta kugona, aliyense amene anakhalapo nawo angakuuzeni. Usiku umenewo kunja kunali mphepo, ndipo adokotala anali atanena kale kuti mphepo yozizira siwayanja pachifuwa, choncho zenera linatsekedwa. Ine ndinali pabalaza. Ndinasita malaya atatu, oyera, abuluu, ndi aja a mizeremizere amene kolala yake imavuta. Kolala yotere muyenera kuyambira kunsonga kulowera pakati, apo ayi imachita makwinya. Nditamaliza m'nyumba munali zii, ndipo ndinathokoza kuti tsopano apumula."

Zenera linatsekedwa ndi ndani? Sakunena. Koma za kolala akutiphunzitsa ngati tamufunsa. Ola lonse limene mkulu wake ankamenya khoma labisika pansi pa malaya atatuwo. Wowerenga pa tsamba limeneli sadziwa zonse, koma amamva kuti pali chimene chalumphidwa, ndipo kumva kumeneko ndi kumene mukufuna. Musamuthandize pomuuza kuti wosimbayu akunama.

Mumupatsenso zabwino zenizeni. Akhale waulemu, wodziwa ntchito yake, wokonda ana ake moona. Wowerenga akamukonda pang'ono ndiye kuti mwamugwira.

Gawo lachinayi: mangani mzukwa kuchokera pa mabodza ake

Tengani pepala mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani bodza lililonse kapena chilichonse chimene wosimba walumpha. Kumanja lembani chimene mzukwa udzachite poyankha. Iye akuti zenera linatsekedwa, ndiye m'mawa uliwonse azilipeza lotseguka mpata wokwana chikhatho. Iye akuti sanamve kanthu, ndiye khoma lizigogodedwa kawiri. Iye akuti mankhwala anali atatha, ndiye aziwapeza m'thumba la malaya alionse amene wavala, ngakhale anawataya kalekale. Chilichonse chimene mzukwa ukuchita koma chilibe mnzake kumanzere, chichotseni, kaya chikuoneka choopsa bwanji. Magetsi othima okha, galasi losweka lokha, mwana woseka mumdima, zonsezi ndi za nkhani za ena ngati sizikuyankha bodza la munthu wanuyu.

Kenako ganizirani chimene mzukwawo ukufuna. Ambiri amathamangira kubwezera, ndipo n'zotheka, koma mzukwa wolusa umamupatsa wakuphayo mdani womenyana naye, ndipo munthu amene ali ndi mdani amapeza mphamvu. Yesani china. Bwanji ngati mkuluyo sakudziwa n'komwe kuti mng'ono wake ndi amene anamupha? Akugogoda khoma chifukwa akufunabe thandizo, ndipo akuitana munthu yekhayo amene amamudalira. Usiku uliwonse mng'onoyo ayenera kusankhanso kudzuka kapena kukhala, ndiye kuti usiku uliwonse akumuphanso. Kwa ine mzukwa wodalira wakupha wake ndi woopsa kuposa wa mano ndi zikhadabo, ndipo ndi pano pamene chabwino chija cha kumubereka kumsana chimabwerera kudzapweteka.

Musafulumire kuonetsa nkhope. Wolemba wa ku England Ann Radcliffe, m'nkhani imene inasindikizidwa mu 1826 iye atamwalira kale, anasiyanitsa mantha amitundu iwiri: a chinthu chosaoneka bwino, amene amadzutsa maganizo n'kuwatambasula, ndi a chinthu chonyansa chimene chaikidwa poyera, amene amaumitsa munthu. Nkhani yanu ikhale nthawi yaitali mu nthumanzi ya mtundu woyambawo. Yambani ndi chinthu chimene chili ndi tanthauzo wamba: chotsekera zenera ndi chakale, mwina chimamasuka chokha. Kachiwiri tanthauzolo livute: iye wakhoma zeneralo ndi misomali. Kachitatu tanthauzo lisowe, kapena lipezeke koma likhale loipa kuposa mzukwa. Mwachitsanzo:

"Ndinapeza misomali yonse inayi ili pawindo, yoongoka bwino, itandandalikidwa kuyambira waufupi mpaka wautali. Zenera linali lotseguka. Sindinafune kuyeza, koma dzanja linapita lokha, ndipo chikhatho changa chinalowa mumpatamo n'kutsalako malo pang'ono. Achimwene anali ndi manja aakulu kuposa anga. Nditatembenuka kuti ndikatenge hamala ndinaona kuti chala changa chachikulu chang'ambika m'mbali mwa chikhadabo, ndipo magazi ake anali atauma kale."

Kodi anazula misomaliyo ndi mzukwa, kapena ndi iye mwini ali m'tulo? Mpata ndi wa chikhatho cha mkulu wake, bala lili pa chala chake. Zonse ziwiri zikhale zoona pa tsamba.

Zimene anthu enieni amakumana nazo zikuthandizani kuti mzukwa wanu ukhale wokhulupirika. Dokotala wina wa ku Wales, W. Dewi Rees, anafunsa amuna ndi akazi amasiye 293, ndipo zotsatira zake zimene zinasindikizidwa mu 1971 zinasonyeza kuti pafupifupi theka la iwo anamvapo kuti mnzawo womwalirayo ali pafupi, ena anamuona kapena kumumva akuyankhula. Ambiri ankati zimenezi zimawatonthoza. Ndiye kumva kuti wakufa ali m'nyumba si chachilendo, ndipo mpangankhani wina m'nkhani yanu akhoza kunena zomwezo mokoma mtima: musadandaule, achimwene anu akungokuyenderani, ankakukondani. Kwa wina aliyense mawu amenewo ndi chitonthozo. Kwa wakuphayo ndi chilango, ndipo ayenera kuwalandira akumwetulira.

Palinso vuto lodziwika la kugona limene munthu amadzuka maganizo ali maso koma thupi lisanamasuke ku tulo ta maloto. Sangathe kusuntha kapena kukuwa, amamva ngati wina ali m'chipinda, ndipo kawirikawiri amamva cholemera pachifuwa n'kumavutika kupuma. Zimatha pakapita masekondi kapena mphindi zochepa. Kwa munthu amene anasiya mkulu wake akubanika, palibe chilango choyenera kuposa kugona chagada, mpweya ukukana kulowa, dzanja likukana kufika pakhoma kuti ligogode.

Gawo lachisanu: dziwani nyumbayo, ndipo mulowetsemo anthu ena

Jambulani mapu a nyumbayo papepala. Dziwani khoma limene likulekanitsa zipinda ziwirizo, kumene zenera layang'ana, masitepe angati kuchokera pabalaza kufika pachitseko cha wodwalayo. Wowerenga akadziwa nyumba ili bwino masana, adzazindikira yekha chinthu chikasuntha usiku. Ndipo zina zoopsa zichitike dzuwa likuswa mtengo, chifukwa mdima wokha wagwiritsidwa ntchito mpaka kutha mphamvu.

Musamusiye yekha m'nyumbamo buku lonse. Payenera kukhala wina, mkazi wake, mwana, kapena woyandikana naye nyumba, amene akuona khalidwe lake kuchokera kunja. Mwana akafunsa kuti bambo, n'chifukwa chiyani mumaima pakhomo la chipinda chija usiku, wowerenga amadziwa chinthu chimene wosimba sanamuuze, mwinanso chimene iye mwini sakuchidziwa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: usiku wa imfayo

Musaupereke wonse pamalo amodzi. Usimbidwe katatu kapena kanayi m'kati mwa nkhani, ulendo uliwonse mzukwa utamufinya kuti awonjezere chimene anasiya. Poyamba anali pabalaza akusita ndipo sanamve kanthu. Kachiwiri akuvomera kuti anamva kugogoda koma ankayesa ndi mapaipi a madzi. Kachitatu anaima pachitseko. Komaliza dzanja lake linali pachogwirira, akuchikoka kuti chisatseguke pamene wina mkati ankachikankha. Tsatanetsatane wa nkhani yanu ndi ameneyu: choonadi chikutuluka pang'onopang'ono mwa munthu amene akuchikaniza.

Za thupi la wakufa lembani zoona, chifukwa zoona zake n'zokwanira. Mtembo umayamba kuuma pakapita maola 2 mpaka 6, kuyambira m'zikope, nsagwada ndi khosi, umauma wonse pakapita pafupifupi maola 12, ndipo umafewanso patapita tsiku limodzi ndi theka kapena masiku awiri. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Magazi amatsikira ku mbali imene yagona pansi n'kusiya mabala ofiirira moderako. Maso sangotsekeka bwinobwino monga zimaonekera m'mafilimu, ndipo pakamwa pamakonda kutseguka. Ndiye mng'ono uja akalowa m'chipinda kutacha, akapeza mkulu wake atagwera pafupi ndi chitseko, mkono utapindika mmene unalili pomwe ankafa. Akufuna kumubwezera pabedi kuti azioneka ngati wafera m'tulo, koma mkonowo ukukana kuongoka, ndipo tsaya limene linagona pansi lasintha mtundu. Chinthu chimodzi chotere, cholembedwa modekha, chimaposa masamba atatu a magazi.

Pa kaphedwe kenikeniko, lembani zimene munthuyo ankamva ndi kuganiza, osati ndondomeko imene wina angaitsatire. Nkhani yanu siphunzitsa kupha, ndipo kuchulukitsa za njira kumachotsa maso a wowerenga pa munthu n'kuwaika pa zida. Kumbukiraninso kuti ena mwa owerenga anu anataya abale awo mwanjira yotere. Wophedwayo asasanduke chokongoletsera nkhani ya womupha.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sungani chikayiko

Kodi mzukwawo ulipodi kapena uli m'mutu mwake? Inu wolemba mukhoza kukhala ndi yankho lanu, koma musathamangire kulipereka. Buku la Henry James la The Turn of the Screw linatuluka mu 1898, ndipo mpaka lero owerenga amatsutsanabe ngati mizukwa ya m'menemo ndi yeniyeni kapena ndi ya m'maganizo a mayi wosimbayo. Kuti chikayiko chotere chigwire, werengani zochitika zanu zonse kawiri. Ulendo woyamba yesani kuzimasulira zonse popanda mzukwa, wachiwiri yesani kuzimasulira zonse ndi mzukwa. Njira iliyonse iyende pafupifupi mpaka kumapeto koma ipunthwe pa chinthu chimodzi. Amene akuti zonse ndi za m'mutu apunthwe pa mwana amene wamvanso kugogodako. Amene akuti ndi mzukwa apunthwe pa bala la pachala lija.

Gawo lachisanu ndi chitatu: mathero

Mathero awiri awa akaneni: kuti zonse anali maloto, ndi kuti pabwere wina wanzeru, kaya wapolisi kaya dokotala, adzafotokoze zonse m'mutu womaliza. Onsewa amabweza wowerenga pamalo otetezeka, pamene inu mwagwira ntchito yonseyi kuti mumuchotsepo.

Pampondachimera pa nkhaniyi ndi pamene chiganizo chija chakuti sindinachite kanthu chathyoka, kapena pamene zaoneka kuti sichidzathyokanso. Akhoza kuvomera pamaso pa anthu ndipo anthuwo osamukhulupirira, akuti ndi chisoni chabe, n'kumusiya ndi mlandu umene palibe wofuna kuulandira. Akhoza kudzuka usiku wina n'kutsegula chitseko chija, zaka zitapita, mankhwala ali m'manja. Akhozanso kupambana, kuzolowera kugogodako mpaka kumagona tulo tabwino, ndipo amenewa mwina ndiye mathero oopsa kuposa onse. Kumangidwa kapena kusamangidwa ndi nkhani yaing'ono. Sankhani mathero amene akuyankha njira yodzikhululukira imene munaisankha pa gawo lachiwiri, ndipo chinthucho chikachitika lekani kulemba. Musawonjezere ndime yofotokoza phunziro.

Gawo lomaliza: kukonza

Isiyeni nkhaniyo masiku angapo, kenako muiwerenge mokweza mawu. Paliponse pamene mwalemba kuti choopsa, mochititsa mantha, kapena mwadzidzidzi, imani muone ngati chochitikacho chingaime chokha popanda mawuwo. Kawirikawiri chimaima, ndipo chikakanika ndiye kuti vuto lili pa chochitikacho. Mawu ngati zii, phee, bii ndi gwa ali ndi mphamvu kwambiri m'nkhani yotere, koma akachuluka amasanduka phokoso, choncho asungireni malo awiri kapena atatu amene mukufuna kuti wowerenga achite tsemwe. Yang'ananinso kutalika kwa ziganizo. Wosimba akakhala pamalo amene akudziona wotetezeka ziganizo zake zitalike momasuka, akayandikira chitseko chija zifupike kapena zithawire ku nkhani ina.

Fufuzani malo amene inu wolemba mwalowerera kudzamuweruza kudzera pakamwa pake. Munthu ameneyu sanganene kuti mtima wanga woipa unandituma. Mawu otere ndi anu, achotseni. Bwererani ku pepala la mzere pakati lija muone ngati bodza lililonse layankhidwa, ndiponso ngati palibe chochita cha mzukwa chimene chalowa popanda bodza lake.

Mukatero ipatseni munthu mmodzi kapena awiri amene sakudziwa zimene munkafuna kuchita, ndipo musawafunse ngati yawasangalatsa. Afunseni kuti anayamba kumukayikira wosimbayo pa tsamba liti, ndi pati pamene anamumvera chisoni komaliza, ndiponso akuganiza kuti zenera linkatsegulidwa ndi ndani. Akati anamukayikira pa tsamba loyamba lomwe, bwererani ku gawo lachiwiri mulimbitse zifukwa zake ndi zabwino zake. Akati sanamukayikire mpaka iye atavomera yekha, onjezani malo awiri kapena atatu koyambirira pamene akufotokoza zambiri pa chinthu chaching'ono. Ndipo owerenga awiriwo akayankha mofanana za zeneralo, pezani mbali imene yalemera muichotsere umboni umodzi.